Pinki wa Apongozi

Telala anakapeza kasitimako m'chitini cha mabisiketi, kali kokulungidwa m'sokosi. Tsiku limenelo anapita kukayeza mawindo a nyumba ina yakale imene inali itangogulidwa kumene, ndipo eni ake atsopano ankatulutsa katundu wa anthu akalewo n'kumaunjika pakhonde: mipando yothyoka miyendo, nyale zopanda galasi, mabuku otupa ndi chinyontho. Iye anatsegula chitinicho poganiza kuti mwina muli mabatani. Atangosolola za m'sokosimo, anakhala pansi pamasitepe osadziwa n'komwe kuti wakhala.

Kanali kamutu ka sitima ya pamtunda, kachitsulo, kotalika ngati chikhatho chake, kolemera bwino, kokhala ndi bowo la kiyi pambali. M'nthiti mwake munali zilembo za kampani ya njanji ndi nambala 31. Ndipo kanali ka pinki. Osati pinki wamanyazi ayi, koma pinki wa sopo wosambira, kuyambira kuchumuni mpaka kumawilo.

"Mayi, kameneka mukutaya?" anafunsa.

"Tengani," anatero mwini nyumba. "Ana akaseweretse."

Telala anathokoza. Mumtima anati mwana amene angayerekeze kukakhudza adzaona zakuda. Windo la kuchipinda analiyeza kawiri, la kukhitchini analiiwaliratu, ndipo pobwerera anapitirira pamene amatsikira basi.

Aliyense amene anakwerapo sitima za kampani imeneyo amadziwa kuti mitu yake inali yobiriwira, kubiriwira kwakuda ngati botolo, yokhala ndi mzere umodzi wachikasu, chumuni chakuda ndi mawilo akuda. Koma mafakitale a kutsidya kwa nyanja amene ankapanga tisitima toseweretsa zaka zakalezo anali asanaionepo sitima yeniyeniyo. Ankangolandira zithunzi zopanda mtundu n'kumapenta za m'mutu mwawo. Tina tinkatuluka tabuluu, tina tofiira, tina ta mizere itatu ngati kabudula wa osewera mpira. Anthu ena otolera tisitima, totere amatinyoza. Telala, mlamu wake ndi mnzawo Wometa, mwini nyumba yometera, ankafuna tomweto, ndipo kolakwika kwambiri ndiko kankawasowetsa mtendere.

Mlamuyo anali mng'ono wa mwamuna wake. Ankakonza mawotchi m'kasitolo kopapatiza ka pakati pa nyumba yometera ndi sitolo ya nsapato, ndipo msewu wonse unkamutcha Wamawotchi. M'kasitolomo anakhomera kanjanji pathabwa lozungulira khoma lonse, pamwamba pa mawotchi, kudutsa pamwamba pa chitseko n'kubwerera. Kanjanji kanali kamodzi, choncho kasitima koyendapo kanalinso kamodzi. Loweruka loyamba la chaka atatuwa ankabweretsa aliyense kake, ndipo kopezeka ndi zolakwa zambiri kankayenda pamenepo chaka chonse, kupukusidwa kiyi tsiku lililonse 12 koloko ikakwana, ana a sukulu atapanikiza mphuno pagalasi. Tina tonse tinkakhala m'kabati.

Woweruza anali apongozi ake a Telala, bambo wa anyamatawo. Anzawo ankawatcha a Bulashi, chifukwa anapenta mitu ya sitima kushedi ya kampani ya njanji zaka makumi atatu ndi zinayi. Ankabwera ndi bulashi yakale yothothoka ubweya. Akaona cholakwa ankagogoda nayo pakauntala, go! ndipo Wometa ankaponya batani m'kambale. Akangobweza bulashiyo m'thumba la jekete, mlandu watha, palibe kudandaula.

Zaka zisanu zotsatizana Telala anagonja, zonse kwa mlamu wake. Tsoka lake, sitolo yake yosokera inali tsidya lina la msewu womwewo, moti masana aliwonse ankamuona Wamawotchi ataima pakhomo, manja m'chiuno.

"Alamu! Tasiyani kaye makinawo, mudzaone sitima yolakwika mwaulemu!"

Telala ankangoweramira pamakina n'kusoka mzere wokhota.

Ndiye madzulo a tsiku la chitini lija anaika kasitima ka pinki patebulo, pamaso pa mwamuna wake, amene za tisitima sankaziwerengera.

"Wagula sopo?" anafunsa mwamunayo.

"Tayang'anani bwino."

"Sopo wa mawilo."

"Thupi, denga, chumuni, mawilo, mzere palibe, nyale nayo ya pinki," anawerenga Telala pa zala. "Mabatani asanu ndi limodzi bambo asanavale n'komwe magalasi. Mng'ono wanu watha. Chaka chino watha!"

Anavina kuzungulira tebulo atanyamula ketulo, mwamuna wake akuteteza makapu ndi manja onse awiri.

Kutatsala masiku awiri, Lachinayi masana, apongozi aakazi anabwera kusitolo yosokera ndi diresi yofuna kupinda m'munsi. Iwowa ankatchedwa a Matikiti, popeza pa utsikana wawo ankagulitsa matikiti pasiteshoni. Anali mayi wamfupi, wosachedwa kuseka, ndipo maso awo sankadutsa chinthu chovindikira.

"Pansi pa nsalu apo wabisa chiyani, mwananga?"

"Palibe, mayi."

"Palibe wakeyo ali ndi chumuni?"

Telala anatseka chitseko kaye, kenako anavundukula. A Matikiti anayang'ana. Anavala magalasi, nawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza nambala ija. Kenako anakhala pa mpukutu wa nsalu za makatani, ndipo m'khosi mwawo munayamba kutuluka kaphokoso ngati ka ketulo yotsala pang'ono kuwira. Chikhakhali chitaphulika, kabokosi ka mapini kanagwa pashelefu. Anaseka mpaka kutsokomola, napukuta misozi ndi diresi imene anabwera nayo, nayang'ananso kasitimako, nayambiranso.

"Mayi, ndikutungireni madzi?"

"Nambala 31! Mayo ine, nthiti zanga! Wafukula kuti maliro amenewa?"

"Mukukadziwa?"

"Kukadziwa? Ine ndinakwatiwa chifukwa cha chimenechi!"

Nkhaniyo inatuluka zidutswazidutswa, pakati pa kutsokomola ndi kuseka. Chaka china, a Bulashi akali mnyamata wa miyezi isanu ndi itatu pantchito, penti wobiriwira anachedwa kufika kushedi. Mkulu woyendera njanji anali panjira, ndipo mutu nambala 31 unali ndi dzimbiri lochititsa manyazi. Kapitawo anauza mnyamatayo kuti aphimbe dzimbirilo ndi chilichonse chimene angapeze. Anapeza penti wofiirira uja wopaka pansi pa penti wina, woteteza chitsulo, koma anali wochepa. Ndiye anamuonjezera ndi woyera wopentera mpanda wa siteshoni.

"M'shedi munali mdima," anatero a Matikiti. "Akuti mumdimamo zinkaoneka ngati njerwa, zaulemu ndithu. Ataitulutsa padzuwa! Ine ndili pawindo la matikiti, ndingoona chinthu chikubwera chikufuka utsi, cha pinki ngati diresi ya mwana. Woyendetsa anakokera chipewa mpaka pamphuno. Ndinaseka mpaka mzere wa anthu unaima. Kenako pawindo pafika mnyamata, penti mpaka m'makutu, akuti, ndani akuseka ntchito yanga?"

"Bambo amenewo?"

"Ena ndani? Inayenda choncho masiku asanu ndi anayi. Panabweranso munthu wina wa kamera yaikulu, wa kabudula, n'kujambula. Ndiye kuti chithunzi chake chinali cha mitundu, chinakafika kufakitale."

Telala anaseka nawo, koma kusekako kunathera panjira. Anayang'ana kasitimako. Kanali chimodzimodzi ngati m'mawa, koma tsopano kankaoneka ngati kamupereka.

"Ndiye kuti... si kolakwika."

"N'kolondola, mwananga. Pepa."

"Mayi, musandiuze choncho! Ine ndavina kale!"

Mwa tisitima tonse ta padziko, iye anakatola kamene fakitale inapenta molondola. Batani palibe ngakhale limodzi. Anaona m'maganizo mlamu wake ataima pakhomo chaka china chathunthu, ndipo anakhala pansi pafupi ndi apongozi ake, pa mpukutu womwewo.

A Matikiti anamugwira bondo. "Tamvera. Nkhani imeneyi bambo ako anaikwirira. Anandilumbiritsa kuti ndisadzauze ana anga, ndipo mpaka lero sindinawauze."

"Nanga ine?"

"Iwe ndinakubereka ine?"

"Koma mumanditchula mwananga."

"Lero lokha ayi. Ukapite nako Loweruka. Munthu uja angalole kumeza bulashi kusiyana n'kuvomera pamaso pa ana ake kuti anapentapo sitima ya pinki. Adzakana. Adzagogoda mpaka kauntala kung'aluka."

"Si kuba kumeneko, mayi?"

"Wonama adzakhala iyeyo, iwe udzangokhala chete monga mwa masiku onse. Chimodzi chokha: usadzandiyang'ane. Ukadzangondiyang'ana, tonse tapita."

Lachisanu lonse Telala anayeserera nkhope yosaseka pagalasi loyezera zovala. Akafika pa penti wa m'makutu uja, nkhope inkaphwasuka. Mayi wina wodzatenga siketi anamufunsa ngati dzino likumuwawa.

Loweruka linafika. Itakwana 2 koloko Wamawotchi anatembenuza chikwangwani cha pachitseko, nasuntha mawotchi a eni ake kuti pakauntala pakhale malo. A Bulashi anakhala pampando wokhawo wa m'sitolomo, atavala jekete yawo yotuwa, bulashi ili pamwendo. A Matikiti, amene zaka zonsezi anali asanabwerepo ku zimenezi, anati angoperekeza, nakaima pakona pafupi ndi wotchi yaikulu ya pendulo, mpango uli m'manja. Telala anaima mbali ina, maso ali pa nsapato zake.

Woyamba anali Wometa. Iye ankabweretsa kasitima kamodzimodzi chaka chilichonse, kobiriwira bwinobwino koma ka mzere woyera ndi mawilo ofiira.

"Akulu, kameneka ndakaweruza kasanu," anatero a Bulashi.

"Mwina chaka chino muonapo china, madala. Maso amasintha."

Go! Go! Wometa anadziponyera yekha mabatani awiri, nakabweza m'thumba mokhutira, ngati munthu amene wapimitsa thupi n'kuuzidwa kuti zonse zili bwino.

Wamawotchi anatulutsa kake m'bokosi la veleveti, mmene ankasungira mawotchi agolide. Kanali kofiira psuu, denga lasiliva, mawilo oyera, mzere wabuluu, nyale yagolide. A Bulashi anachita tsinya ngati anunkhiza chinthu chowola.

"Amene anapenta ichi ankaganiza kuti ndi galimoto yozimitsa moto?" Go! "Denga lasiliva, pa utsi?" Go! "Mawilo oyera! Tsiku limodzi lokha kushedi akanalira." Go! Go! Go!

"Asanu!" anafuula Wamawotchi. "Alamu, ngati mukufuna mukhoza kungopita kukamaliza makatani a anthu. Sitikusekani."

Telala anaika sokosi pakauntala, nasolola kasitima kake.

Wometa anavula chipewa. Wamawotchi anavala kagalasi kake ka diso limodzi n'kukanyamula. Lamulo linali lakuti penti akhale wa kufakitale, osati wopaka munthu kunyumba. Anakanunkhiza. Anakatembenuza chagada, nakanda pang'ono ndi chikhadabo pansi pake. Anayang'ana m'mphepete mwa zilembo nthawi yaitali kwambiri.

"Ndi wa kufakitale," anatero ndi mawu a munthu wolengeza maliro. "Alamu, mwanditani?"

Anakaika pamaso pa bambo ake. A Bulashi anakayang'ana kamodzi kokha. Makutu awo anasintha mtundu, kuyambira m'munsi kukwera. Pakona paja panamveka kaphokoso ka ketulo, kenako a Matikiti anatsokomolera mumpango.

"Bodza ili," anatero a Bulashi, maso ali kukhoma. "Sitima yotere sinayendepo." Go! Ndipo anakakankhira kutali ndi nsonga ya bulashi. "Chotsani."

Wometa anaponya batani limodzi, nadikira ndi lachiwiri m'manja. Palibe chimene chinabwera.

"Limodzi lokha, madala?"

"Chonsechi n'cholakwa chimodzi. Chotsani, ndatero."

Wamawotchi anayamba kudzuka kwa akufa. "Limodzi! Alamu, ngakhale a Wometa akuposani! A Wometa, mwamva? Chaka chino muli nambala 2!"

Izi ndi zimene Telala ndi a Matikiti sanaziganizire. Munthuyo anakanadi, koma sankafuna n'komwe kukayang'ana. Dzanja lawo linanyamula bulashi, likulowera kuthumba la jekete. Telala anali asanayambepo kulankhula ndi apongozi akewa asanafunsidwe, kupatula moni. Koma ntchito yake inali ya mitundu, ndipo ankadziwa chimene chimamuwawa munthu wa mitundu.

"Komabe afakitale anasakaniza bwino, bambo," anatero, maso ali pansi. "Pinki wotere savuta. Wofiira theka, woyera theka, basi."

Bulashi inaima pakamwa pa thumba.

"Theka?" anatero a Bulashi. "Theka, mayi? Ndiye kulakwa kwakeko! Anathira theka ndi theka ngati akupanga tiyi wa mkaka. Weniweniyo anali zitini zitatu za wofiirira, ziwiri za woyera, ndi kapu imodzi ya parafini. Anali wakuya, wa ulemu wake, osati sopo uyu!"

Mawotchi onse anamveka kugunda, iliyonse nthawi yake.

"Weniweni uti, madala?" anafunsa Wamawotchi pang'onopang'ono.

Telala analakwitsa. Anayang'ana kukona.

A Matikiti anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi, miyendo tambalale, mpango uli kumaso, thupi lonse likugwedezeka popanda mawu. Mawu atabwera, wotchi ya pendulo inanjenjemera. Telala anagwira kauntala, nayesa kuluma mlomo, koma phwete linatulukira m'mphuno. Wometa ankaseka asanadziwe chimene akusekera.

"Auzeni, bambo ake ana! Mwaulula nokha, ine sindinatsegule pakamwa! Auzeni za penti wa m'makutu!"

A Bulashi anayang'ana chitseko, koma Wometa anali ataimapo. Anapuma mpweya wautali, nanena nkhaniyo m'mawu ochepa kwambiri, ngati munthu wopereka lipoti la ngozi: penti anachedwa, mkulu ankabwera, m'shedi munali mdima. Masiku asanu ndi anayi.

"Inuyo, madala?" anatero Wamawotchi. "Inu amene munandikwapula chifukwa ndinapenta njinga yanga yachikasu?"

"Njingayo inali yanga."

Wamawotchi anaseka mpaka kagalasi kanagwa m'diso. Kenako nkhope yake inawala ndi chinthu china. Analowetsa zala m'kambale, natulutsa batani lokhalo la Telala, nalikweza m'mwamba.

"Tsono ngati sitima ya pinki inayendadi, kameneka n'kolondola! Alamu, mwabweretsa sitima yolondola! Palibe ngakhale limodzi! Chiyambire mpikisano uno, munthu sanachitepo manyazi otere!" Anagwira Wometa m'manja, navina naye pakati pa kauntala ndi kabati, pamalo osakwana n'komwe anthu awiri.

Kuseka kwa Telala kunazima. Anadzikumbira yekha. Anatambasula dzanja kuti atenge sokosi yake.

"Kolondola?" Mawu a a Bulashi anaimitsa gule. "Ndani wanena kuti n'kolondola? Sitimayo anapenta ndi iwe? Bweretsa kuno."

Anatulutsa magalasi m'thumba la malaya, nawapukuta, nawavala. Tsopano anakayang'ana monga ankayang'anira ntchito ya anyamata awo kushedi, mutu utapendekera mbali.

"Mtundu ndanena kale." Go! "Chumuni sindinachipente, makwerero anatenga anthu a magetsi. Chinali chakuda." Go! "Mawilo, munthu wanzeru angawononge penti pamawilo ali ndi zitini zisanu zokha?" Go!

"Atatu," ananong'ona Wometa, mabatani akulira m'kambale.

"Madala, izi si zololeka!" anatero Wamawotchi. "Mukuwerenga zolakwa za cholakwa!"

"Ndikuwerenga zimene fakitale inalakwitsa. Lamulo likuti chiyani? Khala chete. Denga linali lotuwa ndi mwaye, sindinalifike." Go! Anawerama pa nambala ija, ndipo milomo yawo inagwedezeka ngati akulimbana ndi kumwetulira. "Ndipo 3 uyu sankaoneka. Penti anayenderera usiku n'kumuphimba. Masiku onse asanu ndi anayi inkayenda ngati nambala 1, mkulu uja mpaka anailemba choncho m'buku lake." Go!

"Asanu!" anakuwa a Matikiti ali pansi pomwepo. "Asanu, mwananga!"

A Bulashi anayang'ananso kutsogolo, kumbuyo, pansi pa chumuni. Anagwedeza mutu. Anavula magalasi.

"Asanu kwa asanu," anatero Wamawotchi mofulumira, thukuta lili pamphumi. "Zikafanana, mwini njanji sasuntha. Si choncho, a Wometa? Tinagwirizana choncho. Madala, thumba lanu ilo, bulashi yatopa."

Telala anayang'ana pakauntala. Chimene anaona n'chakuti nthawi yonseyi kasitimako kanali kataima mbali imodzi, mphuno kuloza kuchitseko. Ndi zala ziwiri anakazunguza pakauntala kuti kaloze kukabati.

A Bulashi anavalanso magalasi. Anayang'ana mbali yatsopanoyo, yosalala, ya pinki kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Go! Bulashi inagunda mwamphamvu moti batani limodzi linadumpha m'kambale n'kugubuduzika pansi pa kabati.

"Anthu osaona! Mbali iyi inali yobiriwira!"

"Yobiriwira?" A Matikiti anachotsa mpango kumaso.

"Penti anathera pakati. Ndinapenta mbali ya kusiteshoni yokha, kumene mkulu akaime. Wa kamera uja anajambula mbali imodzi, afakitale n'kungoganizira inayo."

"Nanga pobwerera? Ine ndinkaiona ya pinki popita, ya pinki pobwera!"

"Sitinkaitembenuza. Inkabwerera chafutambuyo."

"Masiku asanu ndi anayi?"

"Woyendetsa khosi linamuuma mwezi wathunthu."

A Matikiti anayesa kuimirira, nalephera. "Abale inu! Zaka makumi anayi ndi zitatu ndakhala nyumba imodzi ndi munthu wopenta theka la sitima, osandiuza!"

"Mbali imene munkaona inu inali yopenta. Mukudandaula chiyani?"

Wometa anagwada, nasolola batani lija pansi pa kabati ndi chipeso, naonjezera lachisanu ndi chimodzi. Anawerenga mokweza, limodzilimodzi, kenako anawerenganso kachiwiri chifukwa zinkamukoma. Wamawotchi anakhala pabokosi la zitsulo, atagwira mutu.

"Ndagonja kwa sitima yolondola yolakwika," anatero. "Ndikauza ndani zimenezi?"

"Mudzandiuze ine, alamu," anatero Telala. "12 koloko ndimakhala ndili pamakina."

Anadabwa yekha kuti wanena zimenezo mokweza, apongozi ali pomwepo. A Matikiti anaombera m'manja.

Wamawotchi anatsitsa kasitima kake ka chaka chatha pakanjanji, nakapukuta, nakatsekera m'kabati. Anafunafuna m'kabokosi mpaka anapeza kiyi wokwana pa bowo la nambala 31, nadontheza mafuta a wotchi pamawilo ndi nsonga ya singano, chifukwa ngakhale atagonja sakanalola chitsulo kuyenda chouma m'sitolo mwake. Kenako anagwira makwerero.

"Kwerani, alamu. Musagwere pa mawotchi a eni ake."

Telala anakwera. Pamwambapo pankanunkha fumbi ndi mafuta, ndipo mitu ya anthu onse inali pansi pake. Anapukusa kiyi mpaka analimba, naika mawilo panjanji, chala chili padenga.

"Imani, mayi," anatero a Bulashi. "Katembenuzeni."

"Madala, sitima zonse muno zimayenda kuchokera kuchitseko kupita kuwindo," anatero Wamawotchi.

"Imeneyi iyenda kuchokera kuwindo kupita kuchitseko. Anthu aziona mbali imene ndinapenta ine. Yabodzayo iyang'ane kukhoma."

Telala anakatembenuza, nachotsa chala. Kasitimako kanazengereza pang'ono, kenako kananyamuka, tiki-tiki-tiki, kudutsa pamwamba pa mawotchi a pakhoma, kukhota pakona, pinki akuonekera m'galasi la wotchi iliyonse. Panja anthu awiri odutsa anaima, wina akuloza. Telala anagwira makwerero ndi manja onse, akuseka popanda mawu, misozi ikutsikira m'khosi.

A Bulashi anaimirira n'kumakatsatira pansi, manja kumbuyo, kuzungulira kasitolo konse, akuponda mapazi a Wometa osapepesa.

"Kakuthamanga kwambiri," anatero. "Ija inkayenda mwamanyazi."

Anakweza bulashi, akufunafuna pogogoda. Wamawotchi anasiya makwerero n'kuidumphira.

"Zakwana, madala! Apambana kale!"